Kapulaka Kamene Kanachotsa a Inasiyo Ntchito

Ku Joni anandipititsa ndi a Inasiyo. Sanali m'bale wanga. Kwawo kunali ku Chidzolomondo, ku Macanga, ine kwathu ku Tsangano, ndipo tinangokumana pamaliro a wachibale wina wakutali. Nthawi imeneyo ndinali nditasiya esikola ya zamagetsi ku Tete ndisanamalize, chifukwa bambo anadwala. Ndinkalima mbatatesi ndi kukonza mawailesi a anthu pamsika. Pamaliropo zokuzira mawu za akwaya zinakana kulira, ine n'kuzikonza ndi kampeni. A Inasiyo, amene anali patchuthi, anandiyang'ana mpaka ndinamaliza.

"Iwe mphwanga," anatero, "manja amenewa ukufuna athere mumbatatesi?"

Patapita milungu itatu tinakwera shapa, minibasi ya kwathu, limodzi. Mayi anandimangira chimanga chokazinga ndi nyemba zouma m'kathumba, ndipo sanalire mpaka shapa italiza injini. Tinadutsa ku Ulongwe, tinatsikira m'kutentha kwa Tete, tinawoloka Zambezi, tinapyola Zimbabwe yense. Pasaporti yanga ankasunga ndi a Inasiyo m'thumba la pachifuwa. Ankati nkhope yanga ndi ya munthu wotaya zinthu.

Famu imene a Inasiyo ankagwirako ntchito inali ku Limpopo, ya fodya. Tinkagona m'nyumba yaitali ya malata, anthu anayi chipinda chimodzi: ife a ku Tete, Amalawi, a ku Zimbabwe ndi Amashangana. Chisanu cha kumeneko sichisiyana kwenikweni ndi cha ku Tsangano, koma kwathu umakhala ndi nkhuni ndi mayi ako. Mwezi woyamba ndinkafunda bulangeti la a Inasiyo, iwo n'kumafunda jasi. Lamlungu tinkasonkha zimene aliyense anali nazo n'kuphika mphika umodzi. A Inasiyo ndiwo ankagawa, ndipo mbale ya munthu wofika kumene inkadzaza kuposa zonse. Ankati wofika kumene amakhala ndi njala ziwiri, ya m'mimba ndi ya kwawo.

Fodya wa kumeneko si wa m'chigafa ngati wa kwathu, amene amauma yekha ndi mphepo. Ndi wowotcha. Masamba akathyoledwa amapachikidwa m'balani, nyumba yachitsulo yotsekeka bwino, ndipo kwa sabata yathunthu mumadutsa mpweya wotentha wochokera ku ng'anjo ya malasha. Balani iliyonse inali ndi chitseko chaching'ono cholowetsera mpweya wa panja, chotsegula ndi chogwirira chachitsulo. Ukatsegula kwambiri msanga, tsamba limauma lidakali lobiriwira. Ukachedwa, limachita thukuta n'kuda ngati ndiwo zopsereza. Mabalani analipo asanu ndi atatu, ndipo zogwirira zonsezo zinali m'dzanja la a Inasiyo. Anali ndi owathandiza asanu, koma mawu omaliza anali awo. Aliyense, ngakhale patarawu mwini famu, ankawatchula kuti mesitiri, kutanthauza mmisiri wamkulu.

Ine anayamba kundiika kokatapa malasha. Kenaka anthu atadziwa kuti ndimatha za magetsi, ndinkaitanidwa pakapsa babu kapena pakaima pampu. Kanthu kochepa kamene ndinkapeza ndinkatumiza kwa mayi, ndipo tikalankhula pafoni ankandiuza kuti agula malata, kapena kuti bambo apita nawo kuchipatala. Moyo unkayenda choncho.

Chaka china, mvula isanayambe, kunabwera enjenyera wamkazi wa ku Zimbabwe dzina lake Rudo, atanyamula makatoni m'galimoto. Patarawu anamuitana kuti mabalani aziyendetsedwa ndi kompyuta. A Rudo anafuna munthu wowagwirira zida, ndipo amene ananditchula dzina ndi a Inasiyo omwewo. A Rudo ankalankhula Chishona, ine ndinkadziwa Chinyungwe cha ku Tete, ndiye tinkakumana pakati.

Tsiku loyamba anandionetsa kompyuta yaing'ono yokwana m'manja awiri, kenaka anamasula kapepala konyezimira n'kutulutsa kathabwa kobiriwira kodzaza tizitsulo. Iwo ankakatchula ndi malembo atatu, DAC. Ine ndinkangoti pulaka, monga tinkanenera ku esikola. Anakakhazika pamwamba pa kompyutayo, timano take n'kulowa m'timabowo, n'kumanga ndi tiparafuzu tinayi, timisomali topotoza.

"Kompyuta imadziwa manambala basi," anatero a Rudo. "Payokha ikhoza kuyatsa kapena kuzimitsa chinthu. Koma chitseko cha mesitiri wako chimangotseguka ndi kutsekeka?"

"Ayi. Nthawi zina pang'ono, nthawi zina theka."

"Ndiye ntchito ya aka ndi imeneyo."

Kompyuta ikatumiza nambala, kapulakako kankaisandutsa mphamvu ya magetsi yoyezeka, kuyambira pa zero mpaka mavoti khumi. Mphamvuyo inkayenda pa waya mpaka pa kainjini kamene tinamangirira pachitseko cha mpweya. Zero, chitseko chatseka. Mavoti asanu, theka. Khumi, chatsegukiratu. Kapulaka kamodzi kanali ndi potulukira panayi, choncho tiwiri tinakwanira mabalani onse. M'kati mwa balani tinapachika tizida toyeza kutentha ndi chinyontho, kuti kompyuta izidziwa za m'katimo isanasankhe nambala yotumiza.

Ndisaname, ndinasangalala. Zaka zonse za malasha zija mutu wanga unali utagona, ndipo tsopano unadzuka. Tsiku limene ndinalemba nambala koyamba m'kachipinda ka kompyuta, ndinathamanga kukaona ngati chitseko chayendadi. Ndinapeza a Inasiyo ataima pamenepo, manja kumbuyo, akuyang'ana chogwirira chikusuntha chokha.

"Wachita iwe?"

"Ine, mesitiri."

"Kachitenso."

Ndinathamangira m'kachipinda, ndinalemba ina, n'kubwerera ndili wefuwefu. Chitseko chinali chitabwerera pamalo pake.

"Mmm," anatero. "Ndiye ichi sichitopa."

Ine ndinaseka. Iwo sanaseke.

Sizinayende bwino nthawi yomweyo. Tikalemba nambala ya pakati penipeni, chida choyezera magetsi chinkayenera kuonetsa mavoti asanu, koma chinkaonetsa anayi ndi kanthu. Pa pulakapo panali kaparafuzu kakang'ono ngati njere ya mapira, ndipo a Rudo anandiphunzitsa kukapotoza pang'onopang'ono, maso ali pachoyezera, mpaka nambala ndi mphamvu zigwirizane. Chitseko cha balani ina chinkanjenjemera ngati munthu wa malungo. Tinavutika nacho masiku awiri, mpaka tinapeza kuti waya wathu wopyapyala tinamuyendetsa mumpopi umodzi ndi chingwe chachikulu cha chokupizira mpweya, ndipo chinkamusokoneza. Ndinakumba ngalande ina ndekha. Chitseko chinakhazikika.

Kunyumba ya malata zinthu zinayamba kusintha. Ndikalowa, nkhani zinkaduka. Mateyu, mnzanga wa ku Dedza amene ankathandiza a Inasiyo kumabalani, ndiye anandiuza poyera tsiku lina tikuchapa.

"Ukudziwa chimene ukukumba m'ngalande zakozo? Ndi manda athu."

Ndinamuyankha kuti patarawu wanena kuti palibe achotsedwe. Mateyu anangofinya malaya ake n'kukayanika.

Fodya atakhwima, patarawu analamula kuti balani yachitatu iperekedwe kwa kompyuta, zinazo zikhale m'manja mwa mesitiri, kuti aone kusiyana. A Rudo analowetsa mukompyuta ndondomeko ya m'buku: tsiku lakuti kutentha kwakuti, chitseko chitseguke mwakuti. Masiku awiri oyamba zonse zinaoneka bwino. Tsiku lachitatu masana, a Inasiyo anandikodola. Tinapita kuseri kwa mulu wa malasha, ndipo Mateyu anatitsatira.

"Fodya wanu akuchita thukuta," anatero a Inasiyo.

"Koma kompyuta ikuti zonse zili bwino, mesitiri. Ndangochokako."

"Kompyuta ilibe mphuno. Pita ukanunkhize potulukira mpweya. Likafika mawa, balani yonse ija ndi manyowa."

Mateyu anayang'ana uku ndi uku. "Ndiye vuto lili pati, mesitiri? Musiyeni awole. Patarawu aone yekha kuti chinthu chakecho n'chachabe. Inu simunalakwe kanthu, balaniyo anakulandani."

Mawu a Mateyu anandilowa. Ndinakumbukira bulangeti lija, ndi zonse. Ndinatsitsa mawu.

"Mesitiri, ndikhozanso kupotoza kaparafuzu kaja pang'ono. Mabalani onse azidzalakwitsa, ndipo palibe adzadziwe chifukwa chake. A Rudo akamadzachoka, adzachoka ndi makatoni awo."

Nkhope ya a Inasiyo inali yakuda ndi fumbi la malasha, thukuta litajambula mizere.

"Fodyayo walakwa chiyani?" anafunsa. "Azimayi aja anathyola masambawo msana uli pansi, dzuwa lili pamutu. Ine ndiime apa ndikununkhiza akuwola, ndikudziwa chochita? Ndawotcha fodya kuyambira iwe usanamere mano. Sindinaonongepo balani dala." Anatembenukira kwa ine. "Ndipo iwe, sindinakutenge ku Tsangano kuti udzaphunzire kunama ndi manja. Tiye kwa mayi uja."

A Rudo sanali munthu wonyada. Anamvetsera, anapita kukanunkhiza, n'kubwerako akugwedeza mutu. Kachida koyeza chinyontho tinakapachika pafupi ndi khomo, pamene pamauma msanga, ndipo pakati pa masamba panali ponyowa kwambiri kuposa mmene kompyuta inkaganizira. Anandiuza kuti ndikhale pa kompyuta. A Inasiyo anaima pabalani dzanja lili potulukira mpweya, ndipo Mateyu, nkhope ili gwa, anaima pakati kuti azindifuulira mawu awo.

"Onjeza!"

Ndinakweza nambala.

"Onjezanso! Pang'ono! Basi, pomwepo!"

Choyezera chinaonetsa mavoti anayi ndi theka, pamene buku linkati atatu. Fodya uja anapulumuka. Anatuluka wachikasu ngati nthochi yakupsa.

Kuyambira tsiku limenelo mpaka kutha kwa nyengo, ntchito yathu inali imeneyo. A Inasiyo ankalowa m'balani, kukulunga tsamba pachala, kulimvetsera likamathetheka, n'kunena kuti chitseko chisunthe bwanji. Ine ndinkasandutsa mawu awowo kukhala manambala. Anatiphunzitsa zimene m'buku munalibe: kuti theka la chitseko si theka la mpweya, chifukwa mpweya wambiri umalowa chitangotseguka zala zitatu, kuti balani yakumapeto imatentha mbali ya dzuwa, kuti masamba a pansi pa mtengo safuna zofanana ndi a kunsonga. Sanabise kalikonse. Nthawi zina ankachita kundidzutsa pa nthawi yopuma masana kuti, "Ndakumbukira china, kalembe." Ankadziwa bwino lomwe kumene zonsezi zinkapita. Ine ndinkadzinamiza kuti munthu wodziwa chonchi sangachotsedwe.

Nyengo itatha, patarawu anatisonkhanitsa pabwalo. Anayamikira fodya wa chaka chimenecho. Kenaka ananena kuti kumabalani kutsala anthu awiri, ine woyang'anira kompyuta ndi Mateyu wa ng'anjo. Enawo apite kumunda. A Rudo anamutsatira mpaka pagalimoto yake akumuuza kuti popanda mesitiri palibe chikanatheka, koma iye anangoti wamva. A Inasiyo anayesa kumunda milungu iwiri. Msana wa munthu wa zaka zawo sukanatha kuwerama tsiku lonse pakati pa mizere. Anapempha mapepala awo.

M'mawa wa tsiku limene ankanyamuka, anzathu anatuluka kukawanyamulira katundu mpaka pamsewu. Ine ndinakadzitsekera m'kachipinda ka kompyuta, n'kumasula waya amene analibe vuto lililonse. Ndinamva kugogoda pawindo. Anali iwo, atavala jasi lawo lija.

"Balani yachisanu ndi chimodzi," anatero, "chitseko chimagwira mvula ikagwa. Uzithira mafuta, kainjini kako kangapse."

"Chabwino, mesitiri."

Anadikira pang'ono. Ine maso anali pa waya. Kenaka ndinamva nsapato zawo zikupita pamiyala.

Ndinakhalako zaka zambiri pambuyo pake. Ndinasamuka m'nyumba ya malata n'kupatsidwa kachipinda kangakanga. Mphezi itaotcha kapulaka kamodzi ndinakasintha ndekha, n'kukalinganiza ndekha, a Rudo akungondiuza pafoni kuti ndachita bwino. Alimi oyandikana nafe ankandibwereka kuti ndikawaikire zomwezo, wina pa zokupizira mpweya m'makola a nkhuku, wina pa pampu yothirira. Kulikonse kumene ndinkapita kunali munthu woima pambali manja kumbuyo, ndipo ndinaphunzira kusamuyang'ana. Bambo anamwalira ndili komweko; uthenga unandipeza ataikidwa kale. Nambala ya foni ya mwana wa a Inasiyo ndinali nayo. Ndinkati ndiimba Lamlungu, Lamlungu likafika ndinkati likudzali. Patapita chaka ndinayamba kuchita manyazi ndi kuchedwako, ndipo manyaziwo anandichedwetsanso.

Mapeto ake patarawu anazula fodya n'kudzala mitengo ya malalanje. Mabalani anasanduka mosungira feteleza. Tipulaka tiwiri tija ndinatimasula ndi manja anga n'kutiika m'katoni. Ndinaona kuti nthawi yanga yakwana.

Ku Tsangano ndinapeza nyumba ya njerwa pamene ndinasiya ya udzu. Mng'ono wanga Tome, amene ndinamusiya akuweta mbuzi, anali ndi mkazi, ana atatu, njinga yamoto imene kwathu timati mota, ndi pampu yothirira mbatatesi kudimba la bambo. Ankalima bwino kuposa mmene ine ndikanalimira, ndipo panalibe poti ndingaikepo khasu langa. Mayi anali atachepa thupi, ndipo ankamva ndi khutu limodzi. Anandilandira bwino onse. Anandipatsa mpando wabwino, anandiphera nkhuku, ana ankandigwadira. Koma pa sabata yachiwiri mlamu wanga anandifunsa mwaulemu kuti, "Nanga achimwene, mubwerera liti?" Sanafunse moipa. Ankangoona ngati ndine mlendo amene ali ndi kwawo kwina.

Mwezi usanathe ndinabwereka mota ya Tome. Ndinagula shuga, sopo ndi chitenje, n'kuyamba ulendo wa ku Macanga. Ndinagona ku Furancungo, m'mawa n'kulowa njira ya fumbi ya ku Chidzolomondo, ndikufunsa m'midzi. Sindinkadziwa ngati ndikawapeza ali moyo.

Ndinawapeza pansi pa chigafa, atakhala pa mpando wachidule, akusoka masamba a fodya. Tsitsi lonse linali loyera. Anandizindikira ndisanavule chipewa.

"Tsangano," anatero. "Wanenepa."

Akazi awo, mayi Rozalina, anandiyalira mphasa n'kundipatsa moni wa alendo, wautali, wozizira. Nditapereka zimene ndinanyamula, anaziika pambali osazimasula.

"Ndinu aja a makina?" anafunsa.

"Ndine, mayi."

"Ndimafuna ndikuoneni nkhope. Mukumuona uyo?" Analoza mayi wachitsikana amene ankasinja patsidya pa bwalo, mwana ali kumsana. "Ndi Lusiya, chitsiriza chathu. Anali pa esikola ku Furancungo, ankafuna unamwino. Bambo ake atabwera manja lende, anabwerera kuno. Chaka chotsatira anakwatiwa. Sindikuti munalakwa ndinu. Ndikungoti mudziwe, popeza simunafunse."

Lusiya anapitiriza kusinja, osatembenuka.

Mayiwo atalowa m'nyumba, ndinayamba kulankhula mawu amene ndinawakonza njira yonse. A Inasiyo anandidula.

"Ukanakana iwe, akanapeza wina. Zimenezo ndinazidziwa kuyambira tsiku loyamba. Pulaka ija sindinakwiye nayo, inkagwira ntchito yake bwino, ndipo ndinanyadira kuti waiphunzira." Anabaya tsamba lina ndi singano n'kulikokera pachingwe. "Koma zinandiwawa, mphwanga, ndisakunamize. Chaka choyamba chija, foni ya Lusiya ikalira, ndinkafunsa kuti ndani. Ndinkangofuna wina andiuze kuti fodya watuluka bwanji."

Ndinalira pamenepo, munthu wamkulu, pamaso pa ana amene anasonkhana kudzaona mota. Iwo sananditonthoze. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Ndiye unene tsopano," anatero. "Ankatuluka bwanji?"

Ndinawafotokozera nyengo imodzi ndi imodzi, mmene ndinkakumbukirira: chaka cha matalala, chaka chimene Mateyu anakwatira Mshangana, chaka chimene fodya wathu anaposa wa mafamu onse oyandikana nafe. Ankafunsa za balani iliyonse ngati akufunsa za ana a mnansi. Nditawauza kuti tsopano muli feteleza, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye tonse atichotsa," anatero. "Tenga singano iyo. Masamba awa sadikira."

Sindinabwerere tsiku limenelo. Denga la chigafa linali litagwa mbali imodzi, ndipo mvula inali isanatheretu. Ndinadula mitengo, ndinakwera pamwamba, ndinafolera. Madzulo ndinkasoka fodya pambali pawo. Ndinalankhulanso ndi Lusiya ndi mwamuna wake za maphunziro a akuluakulu a ku Furancungo; Lusiya anangoti aganiza, ndipo ine sindinakakamize. Mayi Rozalina ankandibweretsera madzi osamba ndi chakudya, akugwada patali, akunditchula kuti alendo.

Tsiku lachitatu m'mawa anabwera kuchigafa kudzatenga lichero. Anaima pa mzere umene ndinapachika dzulo lake, anaugwira, masamba atatu n'kugwa pansi.

"Wasoka ndani izi?"

"Ine, mayi."

"Iwe, zaka zonsezi pa fodya, kusoka kokha osakudziwa? Tsitsa zonsezi uyambirenso. Ukamaliza upite kuchitsime, madzi atha m'nyumba muno."

A Inasiyo sanadzutse mutu, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinatsitsa mzere wonse, ndinausokanso, kenaka ndinanyamula zigubu ziwiri n'kufunsa njira ya kuchitsime.